Kukasaka Maridi ku Lusaka ndi Apongozi Anga

Ine ndimakonza njinga zamoto ku Biwi, ndipo pa ntchito imeneyi sindidzikayikira ayi. Njinga ikamalowa pamalo panga ikutsokomola, ndimakhala nditamva kale matenda ake mwiniwake asanavule n'komwe chipewa. Koma njinga imene inandiyendetsa ulendo wautali kuposa wina uliwonse m'moyo wanga sinali ya kasitomala. Inali ya apongozi anga, a Nyirenda a ku Area 25, bambo ake a mkazi wanga Wezi.

Njingayo ndi yakalekale, ya thusitiroko, zazitali miyendo zija zimene alangizi a zaulimi ankayendera m'midzi, zolira mosokosa n'kumasiya utsi wabuluu m'mbuyo. A Nyirenda anagwira ntchito ya ulangizi mpaka imvi, ndipo popuma anaigula njingayo n'kubwera nayo m'tauni. Ndiyo inkawafikitsa ku dimba lawo cha ku Lumbadzi, ndiyonso inkawatengera kukazonda odwala, poti iwo ndi mkulu wa mpingo. Kuwalanda njinga imeneyo kunali kuwamangirira pakhonde masiku awo onse otsala.

Vuto linali pa kuliza. M'mawa uliwonse ankaponda kiki mpaka thukuta kamukamu, njinga ili duu. Ikakanitsitsa ankaikankha chothamanga kuti ilire ili m'giya. Tsiku lina apongozi anga aakazi, anyaHara, anawapeza ali chagada pageti, njinga itawagwera pamwendo. Chigamulo chinatuluka tsiku lomwelo, ana onse atavomereza pa foni: Loweruka la sabata yotsatira, ngati mwiniwake sailiza ndi mwendo wake popanda womukankha, njingayo ipita kwa bambo wina wa ku Mgona wopikula makala, amene ankainyengerera kuyambira kalekale.

Nditaimasula ndinapeza zimene ndinkayembekezera. Pakati pa kabuleta ndi injini ya thusitiroko pamakhala kachitsulo kooneka ngati denga la nyumba, ife timangoti kadenga. Pa kadengapo pamamangidwa timalilime topyapyala totchedwa maridi. Injini ikakoka mpweya, maridi amatseguka n'kulowetsa mafuta. Ikakankha, amatseka kuti mafutawo asabwerere. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Koma akatopa n'kuyamba kuyasama, ungaponde kiki mpaka nsapato kung'ambika. Ndinakweza kadengako padzuwa ndipo kuwala kunkadutsa bwinobwino. Kuwatembenuza ndinali nditawatembenuza kale chaka chatha. M'tauni muno ndinayenda mashopu onse, koma zimene ndinapeza zinali zodula pa tepi yoyezera ya akalipentala, manambala akuonekabe kumsana. Mnzanga wina wa ku Kawale ndiye ananditsina khutu kuti ku Chipata amapezeka.

"Ndipita ndekha Adada, madzulo ndabwera," ndinatero.

"Ayi a Mbewe. Ndinatumapo munthu pisitoni, anandibweretsera ya injini yopopera madzi. Chinthu cholowa m'njinga yanga ndimayamba ndachigwira ndekha. Ndipo tikagula achitsulo, amene inabadwa nawo."

A Nyirenda ali ndi sikelo m'dzanja. Kaya ndi loko, khasu kapena batire, amaika pachikhatho, kutsitsa, kukweza. Chikalemera ndiye kuti n'chenicheni, chikapepuka ndi feki. Ambiri a msinkhu wawo amagula choncho ndipo nthawi zambiri salakwa. Koma ine ndinkadziwa kuti mwendo wawo ukufunika maridi ofewa, a fayiba, opepuka ngati tsamba. Nanga ndikananena bwanji? Kwathu ku Dowa ngakhale kwawo ku Rumphi, mkamwini ndi apongozi amapatsana mpata. Chikwatirire Wezi ndinali ndisanadyepo nawo mbale imodzi kapena kukhala nawo pampando umodzi. Tsono ine yemweyo ndiyambe kuwauza kuti mwendo wanu watha mphamvu? Ndinangoti, "Tikaona komweko, Adada."

Tinanyamuka Lachiwiri m'mamawa. Iwo anavala jekete ndi tayi ngati akukalalikira, ambulera m'manja, kadenga atakakulunga m'kampango m'thumba la mkati. Ku depoti anasankha okha minibasi ya ku Mchinji yooneka yodzaza, ati kuti tisachedwe. Ine ndinaona kuti theka la anthuwo alibe katundu ndipo akuseka ndi kondakitala ngati achibale, koma ndinasunga pakamwa. Titangolipira, anthu aja anayamba kutsika mmodzimmodzi kukakhalira mipando ya minibasi ina. Tinatsala owerengeka, dzuwa n'kumakwera, ogulitsa mazira ndi zingwe za foni akutizungulira mpaka anatizolowera nkhope. Ndinali nditadzisankhira mpando wakumbuyo kwenikweni, kutali ndi apongozi, koma itadzaza zenizeni kondakitala anandizula.

"Bigi, bwerani apa pali madalawa, kumbuyoko kukhale matumba."

"Ndili bwino konkuno."

"Mwalipira mpando kapena mwagula minibasi? Sunthani!"

Ndinapezeka ndapanikizana ndi a Nyirenda, phewa paphewa, bondo pabondo. Iwo anayang'ana pawindo, ine ndinayang'ana khosi la dalaivala, mpaka pa Namitete. Pamenepo tinaima nthawi yaitali chifukwa mayi wina potsika anapeza kuti nkhuku yake imodzi yasowa, ndipo anakana kuchoka pakhomo mpaka inapezeka pansi pa mpando wathu itabisala kuseri kwa ambulera. Pa Kamwendo kondakitala anatigulitsa kwa minibasi ina, ati yake ikubwerera. A Nyirenda anamufunsa ngati amapemphera.

Kuchokera pa boma la Mchinji tinakwera tigalimoto tating'ono tija tofika pachipata, dalaivala atagawana mpando wake ndi wokwera. Pachipata mapepala sanavute, poti tonse tinali ndi mapasipoti. A Nyirenda amati chiphaso cha tsiku limodzi n'cha ogulitsa tomato. Chimene chinatichedwetsa ndi kadenga. Wofufuza katundu atakhudza chinthu cholimba m'jekete anafunsa kuti n'chiyani, ndipo a Nyirenda anamasula kampango n'kuyamba phunziro lonse la thusitiroko, kuyambira pa thanki kulowera ku ekizozi. Mzere kumbuyo kwathu unayamba kung'ung'udza. Munthu wa Mulungu uja anangoti, "Pitani bwino, tate," phunziro lisanafike n'komwe pa pulagi.

Ku Chipata tinafika dzuwa lili paliwombo, ine ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti pofika madzulo tikhala tili kwathu. Shopu yoyamba anatitulutsira mabuleki. Yachiwiri anatembenuza kadenga uku ndi uku n'kufunsa ngati ndi ka jenereta. Kulikonse yankho linali lakuti, "Kulibe, yesani apo patsogolo," mpaka patsogolopo panatha. Njinga za masiku ano ndi za fositiroko, zilibe maridi, ndiye ogulitsa achinyamata chinthuchi sachidziwa. Pomaliza tinapeza mmisiri wina wachikulire pansi pa mtengo wa mango, amene atangoona kadengako anamwetulira ngati waona mnzake wa kusukulu.

"Aka ni ka kudala aka," anatero. "Kuno simuzakapeza. Ku Lusaka kuli shopu yamene bamagulako baja bothamangisana na njinga mu thengo. Kuja mungasankhe na kusankha."

Ndinayang'ana apongozi, ndikuyembekezera kuti anena kuti tibwerere. Iwo anakulunga kadenga n'kubweza m'thumba.

"Basi ya ku Lusaka imanyamukira pati?"

"Adada, ulendo umenewo udya ndalama yoposa maridiwo kutalitali."

"Ndalama ndi ya chimanga changa, a Mbewe. Loweruka likadali kutali."

A Nyirenda anawaimbira okha foni anyaHara kuwauza za Lusaka. Ndinasuntha pang'ono mwaulemu, koma mawu a mu foni ankamveka mpaka tsidya la msewu, ndipo ngakhale Chitumbuka changa n'choperewera, dzina langa ndinalimva kangapo. Posakhalitsa foni yanga nayo inalira. "Adada akakomokera kumeneko mudzayankha ndinu," anatero Wezi, n'kudula.

Tinagona pa nyumba ina ya alendo pafupi ndi siteji, m'chipinda chimodzi poti zina zinali zodzaza. Za usikuwo palibe chonena kupatula kuti ndinagona ndi malaya ndi thalauza. Koma m'mawa ndinaona chinthu. A Nyirenda povala nsapato ya kumanja sanawerame. Anaikoka ndi chogwirira cha ambulera, mano atalumana. Atazindikira kuti ndaona, anandifunsa ngati kunja kuli mitambo.

Basi ya ku Lusaka inali yaikulu, ya mipando itatu mbali imodzi. Isananyamuke mlaliki wina anatipempherera n'kuyendetsa chipewa, ndipo a Nyirenda anamukonza vesi asanaponyemo kanthu. Pawindo pa mzere wathu panakhala mayi wina wathupi, atakumbatira chikwama chachikulu. Atangomva tikulankhula anatembenuka.

"Inu ndi a kwathu inu! Ine ndine Nachisale wa ku Chinsapo, ndikukaoda mabulangete. Awa ndi bambo anu?"

"Ndi apongozi anga," ndinayankha.

Anaseka mpaka wa mpando wakutsogolo anacheuka. "Apongozi? Mpando umodzi? Dziko latha! Mwapalamula chiyani?"

Nditamufotokozera za maridi anaseka koposa poyamba. "Amuna inu! Mpaka Lusaka kukagula malilime a njinga?" Koma anali munthu wabwino mtima, ndipo msewu wonsewo ankaudziwa ngati njira ya kumjigo. Pa Katete anatiletsa kutsika, ati basi siichedwa pamenepo. Pa Sinda anatilozera chimbudzi chaukhondo. Pa Petauke anakangana ndi kondakitala m'malo mwathu chifukwa cha chenji chimene ife tinali titachitaya kale mtima. Pa Nyimba ndinagula nthochi, zina ndinapereka kwa apongozi ndi manja awiri, zanga ndinakadyera kuseri kwa basi. Nachisale anandiona pawindo n'kupukusa mutu.

Titadutsa Kacholola msewu unayamba kukwera ndi kukhota m'mapiri, dzuwa likuswa mtengo. Pa chitunda china basi inayamba kubuula, kenaka kunamveka phuu, nthunzi n'kudzaza kutsogolo konse. Paipi ya madzi inali itaphulika. Ine monga mmisiri ndinapita kukadzipereka, pulayala m'manja. Dalaivala anandifunsa chimene ndimakonza, ndipo nditamuuza anati, "Ba tunjinga nkalani uko, iyi ni basi." Ndinabweza pulayala m'thumba n'kubwerera mwakachetechete.

Anatiuza tonse kuti titsike. Basi inaima mopendekeka, moti kuchokera pa sitepe yomaliza pansi panali patali. A Nyirenda anatsitsa mwendo wa kumanja, koma utangolandira thupi unapinda wokha. Ine ndinali nditatsika kale. Za mwambo sindinaganize, ndinangowawakha m'chiuno ndi manja onse awiri, nkhope yanga n'kukanirira pa tayi. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zimenezo zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndinawakhazika pamwala pansi pa mtengo. Nachisale anabwera ndi chikwama chake osapempha chilolezo kwa munthu.

"Abambo, kwezani thalauzalo tione."

"Palibe kanthu mayi, ndangoponda molakwika."

"Molakwika chiyani? Ndakuonani kuyambira ku Chipata mukukoka mwendowu. Kwezani."

Bondo linali litatupa ngati papaya. Nachisale anatulutsa kabotolo ka mankhwala opaka onunkha bulugamu n'kundiponyera.

"Ine ndine mkazi wa mwini, sindingagwire. Pakani ndinu."

"Mayi, awatu ndi..."

"Ndamva kale kuti ndi apongozi. Bondo silidziwa zimenezo. Pakani!"

Ndinagwada pafumbi m'mbali mwa msewu wa dziko la eni n'kuyamba kusisita bondo la bambo a mkazi wanga. Iwo anayang'ana kumapiri. Anyamata a basi anali atatsetsereka ndi zigubu kukasaka madzi kumtsinje, magalimoto akuluakulu ankadutsa mwa apo ndi apo osaima, ndipo okwera ena anayala zitenje n'kugona. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unatisiya, tinasuntha, unatisiyanso. Nachisale atapita kukacheza ndi amayi anzake, a Nyirenda analankhula, maso akadali kumapiri.

"Linayamba nthawi ya mvula ija. Amama anu sakudziwa."

AnyaHara ankadziwa bwino lomwe, poti Wezi anali atandiuza kale, koma ine ndinangoti, "Chabwino, Adada."

"Mukuganiza kuti vuto ndi maridi okha, a Mbewe?"

"Maridi ndi amene ine ndingathe kusintha."

Kenaka anati ndiwauze za mitundu ya maridi, zonse, ndisabise. Apa ndiye panali pabwalo panga, ndipo ndinalankhula momasuka kuposa tsiku lina lililonse chiwadziwire. Ndinawauza kuti achitsulo amakhalitsa, zoona, koma ndi ouma, ndipo tsiku limene lilime limodzi lathyoka, chidutswacho chimalowa m'injini n'kukakanda pisitoni ndi silinda; ndinaionapo njinga yotero, inathera kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinawauza za a kaboni, akuda, olimba, opangira anthu othamangitsa njinga injini ikukuwa. Kenaka ndinafika pa a fayiba. Amenewa safika zaka za achitsulo, amafuna kuwayang'ana pakapita nthawi, koma akanyotsoka injini imangowatafuna osavulala, amatseka bwino, ndipo amatseguka ngakhale injini itazungulira mwaulesi. Za mwendo sindinatchule. Ndinati injini yokalamba imafuna zofewa.

"Pulasitiki," anatero a Nyirenda, n'kutsitsa thalauza.

Basi inanyamuka dzuwa litapendeka, paipi ataimanga ndi mphira ndi waya, ndendende mmene ndikanachitira ine akanandilola. Pa mlatho wa Luangwa tinaima kuti anthu adye. Malo amenewo ndi nsomba zokhazokha, zouma ndi zokazinga, ndi madengu olendewera m'mbali. Nachisale anagula nsomba yaikulu yokazinga, anatiikira pa pepala limodzi pa benchi, iye n'kuchokapo dala. Ine ndinayamba kuyang'anayang'ana kuseri kwa basi. A Nyirenda anakankhira pepalalo kwa ine.

"Idyani, a Mbewe. Kuno n'kunja, a ku Rumphi sakutiona."

Tinadya. Mutu, umene kunyumba kwawo sagawira munthu, anandisiyira ine.

Ku Lusaka tinalowa kutada ndipo tinakagona kwa mwana wa mlongo wawo ku Matero. Nachisale tinasiyana naye pa siteji atatisiyira kabotolo kaja ndi malamulo ake opakira. Za mzindawo musandifunse, ine ndinangoona magalimoto ndi misana ya anthu.

M'mawa mwake tinaipeza shopu ija kumafakitale, titasocherapo ndithu. Munali njinga zazitali zamitundu yowala, zoti munthu wobwera pa basi safunsa mtengo wake. Wogulitsa anali mtsikana wovala ovolosi, ndipo ataona kadenga sanafunse kuti n'ka chiyani. Analowa kumbuyo n'kubwera ndi mitundu yonse itatu, pamodzi ndi yotsegula kale yoonetsera makasitomala. Ndinayamba ndayeza: mabowo a masikuluwu ankagwirizana ndi a pa kadenga, m'litali ndi m'lifupi zinali zofanana. Mtima unakhala pansi, ulendo sunapite pachabe.

"Ba mudala, tengani aya ya kaboni," anatero mtsikanayo. "Ndiye yamene bonse bafuna manje. Njinga izauluka."

"Ine sindikufuna kuuluka, mwanawe. Ndikufuna kukafika ku Lumbadzi."

Anatenga mtundu uliwonse n'kuika pa sikelo yawo ya m'dzanja. Achitsulo, otsala akale, anawatsitsa, kuwakweza, nkhope n'kuwala. A fayiba anangowagwira n'kuwabweza pa kauntala ngati khoko la anyezi. Dzanja linapita kuthumba la ndalama. Ndi achitsulowo, woponda nditakhala ine, njinga ikanalira ndithu. Koma bondo limene ndinalisisita dzulo lake ndinalibe nalo chikhulupiriro, ndipo Loweruka woponda sadzakhala ine. Kuwatsutsa pamaso pa mwana wa eni sindikanatha.

"Adada, musanalipire, bwanji ndimange mtundu uliwonse pa kadenga, inu muuzire ndi pakamwa? Ku Biwi timayesa choncho."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu. Ndinayamba ndi achitsulo. A Nyirenda anapukuta kadengako ndi kampango, anaika pakamwa mbali yolowera mafuta, n'kuuzira. Masaya anafufuma, maridi anatseguka pang'ono n'kutsekanso. Ndinamanga a kaboni. Anauzira mpaka mitsempha ya m'khosi inaima, kenaka anatsokomola kwa nthawi atagwira kauntala. Pomaliza ndinamanga a fayiba. Sanachite kuuzira mwamphamvu, anangopuma, timalilime tonse n'kuyasama. Atakoka mpweya tinatseka, kadenga n'kukanirira pamilomo. Anabwerezanso, zinachitika chimodzimodzi. Ndinakweza kadengako pa getsi kuti aone okha, ndipo kuwala sikunadutse ngakhale pang'ono.

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana achitsulo aja.

"Injini ija ndi ine tinayamba ntchito limodzi," anatero pomaliza. "Tipatse ofewawo, mwanawe."

Pobwerera tinakwera basi yolunjika ku Lilongwe, ndipo sinafe paliponse, choncho palibe chokamba. Pa Luangwa nsomba ndinagula ndine. Pachipata wofufuza katundu uja atangoona tayi ndi ambulera anatikodola kuti tidutse msanga.

Loweruka m'mawa ndinafika ku Area 25 ndi zida zanga. Bambo wa ku Mgona anali atafika kale, atakhala pa njerwa, chipewa cha njinga chili pabondo. AnyaHara anakhala pakhonde ndi Wezi, manja atapinda. Ndinamanga maridi mbali yoyenera ili pansi, sikuluwu iliyonse ndi kadontho ka guluu kuti isadzamasuke, ndinaika gasiketi yatsopano, pulagi n'kutsuka. Nditaika phazi pa kiki kuti ndiiyese, anyaHara anandiletsa.

"Ayi a Mbewe, musaitenthetse. Ailize yozizira, ngati m'mawa uliwonse."

A Nyirenda anatuluka atavala jombo zawo za kudimba. Anatsegula mafuta, anakoka tchoko, anakwera. Ntchito yanga sindinaikayikire, koma nditaona bondo lija likunjenjemera pa kiki ndinachita mantha. Kuponda koyamba kunali kofooka, koti maridi akale sakanakumva n'komwe. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Wa ku Mgona anadzuka pa njerwa. Kuponda kwachiwiri sikunapose koyamba, koma njinga inalira, kulira kwake kwakale kosokosa kuja, utsi wabuluu n'kudzaza bwalo lonse mpaka pa zovala za pachingwe.

Wezi anakuwa. AnyaHara sanaseke. Analowa m'nyumba ndipo ndinkayesa akwiya, koma anatuluka atamanga chitenje china, jumbo m'manja.

"Poti yalira, mukandisiye ku msika," anatero, n'kukhala cham'mbali kumbuyo ngati anatsikapo dzulo.

Wa ku Mgona anavala chipewa chake n'kutsanzika, wapansi. Atafika pageti a Nyirenda anaima n'kundikodola. Anapisa m'thumba natulutsa kampango kaja, muli maridi akale achitsulo, n'kundifumbatitsa. Analankhula motsitsa, injini ikulira, anyaHara akuchita ngati akukonza chitenje.

"Musunge awa, a Mbewe. Tsiku limene mudzaone kuti ofewawa nawonso andikanika, musadzadikire amama anu kapena ana. Mudzabwere nawo, mudzangowaika patebulo. Ndidzamva."

Kampangoko kali m'kachitini kakekake, pamwamba pa shelefu pamalo panga ku Biwi. Tikamapita ku Area 25 ndimaonetsetsa kuti tafika molawirira, njinga isanalizidwe, ndipo a Nyirenda akamaponda kiki ine ndimayang'ana bondo, osati injini. Iwo amadziwa chimene ndikuyang'ana. Mpaka lero kachitiniko sindinakatsitse.